Thiredo pampu yanga patatha zaka ziwiri m'dimba

Ndinagula thiredo pampu imeneyi nditagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo bambo a kunyumba poyamba sanagwirizane nazo. Dimba lathu lili m'dambo kuno ku Ntcheu, pafupi ndi Lizulu, ndipo zaka zonsezi tinkathirira ndi makeni. Amene anasenzapo makeni awiri kuchoka pachitsime kukafika pabedi lomaliza, m'mawa ndi madzulo, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, akuudziwa msana womwe ndinkagona nawo.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mumaimirira pamapedulo awiri, manja pachogwirira, n'kumapalasa ngati mukukwera chitunda pang'onopang'ono. Paipi ina imalowa m'chitsime, ina imapita kumabedi. Musanayambe muyenera kuthiramo kaye madzi pang'ono, apo ayi mungopalasa mphepo. Imafunanso anthu awiri, wina kupalasa wina kugwira paipi, ndiye ngati mumalima nokha muganize kaye. Ine amandigwirira ndi mwana wanga wamkazi akaweruka kusukulu.

Chimene chinasintha kwambiri ndi kadzalidwe. Kale ndinkafesa tomato yense kamodzi chifukwa mphamvu zothirira zinkathera pomwepo. Akapsa ankapsera pamodzi, ine n'kukapezana ndi aliyense pamsika wa Lizulu, mabeseni ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa M1, ogula akutchula okha mtengo. Tsopano ndimafesa nazale yoyamba mu Epulo mvula ikangokata, kenako kanazale kena pakatha milungu itatu iliyonse. Pamene ndikuwokera wina, wina ali pamaluwa, wina ndikuthyola. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, mabedi a mpiru, repu ndi chainizi amakondwa zedi, ndipo ndimatchola kawiri pamlungu. Chaka chatha ndinafika podzala kachigawo ka chimanga mu Ogasiti, tinadya mondokwa mvula isanagwe. Ndi makeni sindikanayerekeza.

Panazale pokha sindiigwiritsa ntchito. Madzi ake amatuluka ndi mphamvu, amafukula mbewu n'kugwetsa timbande. Pamenepo keni ya timabowo idakali mfumu.

Vuto lenileni limabwera mu Okutobala. Dzuwa likakula chitsime chimatsika, ndipo pampu zamtunduwu sizikoka madzi akapitirira mamita 7 kuya kwake. Ngakhale asanafike pamenepo mapedulo amayamba kulemera, ntchafu zimawawa, madzi n'kumangotuluka mwa apo ndi apo. Tinachita kukumba kamalo kotsikirako m'mbali mwa chitsime kuti pampu ikhale pafupi ndi madzi, ndipo zinathandiza. Ndimaphimbiranso mabedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe msanga.

China chimene chinandiwawa ndi malabala a m'kati. Mchenga wa pansi pachitsime unawadya miyezi isanu ndi umodzi isanathe, pampu n'kuyamba kupuma ngati munthu wa chifuwa. Nditapita kusitolo komwe ndinaigula anandiuza kuti ena alibe, ndidikire. Ndinadikira milungu itatu kabichi akufota ndikuona, tinabwerera kumakeni. Wogulitsa chipangizo chotere ayenera kusunga malabala ake, chifukwa mlimi sangauze mbewu kuti zidikire. Anandipulumutsa ndi achimwene ena okonza njinga pamsika, amene anadula ofanana nawo kuchokera kutayala lakale. Kuyambira pamenepo ndinamanga kachidutswa ka thumba kukamwa kwa paipi, ndipo sindiilola kugunda pansi penipeni pachitsime.

Mukafuna kugula, yezani kaye kuya kwa chitsime chanu nthawi ya dzuwa, osati mu Epulo madzi ali tho. Funsani malabala apadera tsiku lomwelo, asanakulembereni lisiti. Paipi gulani yotalika kuposa imene mukuganiza, ine yanga inapelewera pamabedi anayi akumtunda ndipo ndinachita kulumikiza. Mbuzi zija ndinabweza chaka choyamba ndi ndalama za tomato, ndipo masiku ano bambo a kunyumba ndi amene amayamba kupalasa m'mamawa ine ndisanafike kudimba.