Kufufuza makolo: mabuku a ku mishoni kapena pakamwa pa agogo?

Ukafuna kudziwa kumene makolo ako anachokera kuno ku Mulanje ndi Thyolo, njira zilipo ziwiri: kutsegula mabuku akale, kapena kuyala mphasa pakhonde pa munthu wachikulire.

Ubwino wa buku ndi woti silisintha mawu. Kaundula wa ubatizo ndi maukwati m'mipingo yakale amakupatsa chaka ndi mudzi, ndipo zolemba za boma la atsamunda zili ku Zomba, ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale yomwe inayamba mu 1947. Vuto ndi mayina. Munthu ankapita ku ubatizo ndi dzina la Chilomwe n'kubwerako ali Yohane, mlembi nayenso ankalemba mmene khutu lamvera. Ukhoza kudumpha agogo ako enieni chala chili pa mzere wawo.

Pakamwa pa agogo ndi pena. Alomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890, n'kukhazikika m'minda ya azungu komwe ankagwira thangata. Ndani ankawalemba powoloka mtsinje wa Ruo? Komanso ife timatsata kuchikazi, pamene mabuku amakonda dzina la bambo. Amalume kapena mwinimbumba ndiye amadziwa kuti uyu anabadwa mwa yani, anayikidwa manda ati. Chaka chokha musawafunse. Angokuuzani kuti "nthawi ya njala ija ndinali wa kubere", ndiye muwerengere nokha kuchokera pa njala ya 1949.

Ine ndimati yambirani kumudzi, foni ikujambula mawu, kashuga kali m'manja. Mukatola mayina onse awiri a munthu, ndiye kakwereni minibasi ya ku Zomba.