Pulogalamu yophunzitsa poker ija imawerenga mipando, osati anthu

Mnzanga wina wa ku Luwinga wandifunsa ngati naye alembetse pulogalamu yophunzitsa poker imene ndinkaitama m'nyengo yozizira ija. Yankho lake silikwana mu uthenga umodzi wa WhatsApp, ndiye ndaliika pano. Kwa amene simukuidziwa, ndi pulogalamu ya pafoni yolipira pamwezi. Ili ndi mavidiyo, mafunso oyeserera, ndi gawo lomwe umaikamo mbiri ya masewero ako a Texas Hold'em, mtundu wa poker momwe aliyense amalandira makadi awiri, kuti ikuuze pamene unalakwitsa. Ife timaigula kudzera mwa mkulu wina wa ku Lilongwe amene amalipira madola kunja, ife n'kumamutumizira makwacha pafoni.

Zabwino zake zilipo ndithu. Siidya bandulo, imatseguka ngakhale netiweki ya kuno ku Mchengautuwa ikamavuta, ndipo mavidiyo amasungika mufoni, moti magetsi akazima ndimaonerabe mpaka batire litatha.

Chimene chinandikopa poyamba, ndipo mpaka pano ndimachiyamikira, ndi phunziro la kuchuluka kwa osewera. Mphunzitsi wake amayambira pa ma blind, ndalama zija anthu awiri amakakamizidwa kuika makadi asanagawidwe, wina yaing'ono wina yaikulu. Zili ngati chiphaso cha mumsika wa Taifa, wagulitsa kapena sunagulitse umalipirabe. Pa tebulo la anthu 9, masewero 100 amakudyera ma blind akuluakulu pafupifupi 17. Pa anthu 6 ndi 25, pa atatu ndi 50, mukatsala awiri ndi 75. Ndiye munthu wokhala phee kudikira ma A awiri, makadi amphamvu kuposa onse, omwe amabwera kamodzi pa maulendo 221, pa tebulo lodzaza akhoza kupirira, koma pa tebulo la anthu ochepa ndalama zake zimangosungunuka asanasewere n'komwe.

Kenako amaonetsa mbali inayo. Ukagwira A mmodzi pa tebulo la anthu 9, mwayi woti wina alinso ndi A ndi pafupifupi 70 pa 100. Pa anthu 6 ndi theka. Mukakhala awiri ndi 12 pa 100 basi. N'chifukwa chake A ndi 7 ndi makadi otaya ukakhala woyamba kulankhula pa tebulo lodzaza, koma omwewo ndi chuma mukatsala awiri. Ngakhale ma A awiri enieniwo, polimbana ndi munthu mmodzi amapambana pafupifupi 85 pa 100, koma anthu 8 onse akatsatira mpaka kumapeto amatsika kufika cha m'ma 35. Mfundo yake ndi yakuti uziwerenga anthu amene atsala kumbuyo kwako asanalankhule. Akachuluka, sewera makadi ochepa, mwina amodzi mwa 10. Ukakhala pa button, mpando umene kumbuyo kwake kumangotsala a ma blind awiri aja, ena onse atataya makadi awo, ukhoza kukweza ndalama ndi anayi kapena asanu mwa 10. Phunziro limeneli lokha linandibwezera ndalama ya mwezi woyamba.

Tsono vuto lili pa gawo lounika masewero, lomwe ndi limene timalipirira kwenikweni. Ine ndimasewera usiku ndikaweruka, ana atagona. Nthawi imeneyo tebulo la mipando 9 silikhalitsa lodzaza. Wina watopa wachoka, wina zamuthera, wina netiweki yamutaya, pofika cha m'ma 11 koloko mwatsala anayi. Pulogalamuyi sidziwa zimenezo. Ikaona kuti tebulo ndi la mipando 9, imaweruza chilichonse ngati anthu onse 9 alipo.

Usiku wina tinatsala anayi, ine woyamba kulankhula, ndagwira K ndi 9 amtundu umodzi. Kumbuyo kwanga kuli anthu atatu okha, awiri mwa iwo ali pa ma blind. Ndinakweza, monga mmene vidiyo ya pulogalamu yomweyi imanenera. Mmawa ndikuika mbiri ija, yalemba ndi zofiira kuti ndinayenera kutaya chifukwa kumbuyo kwanga kunali anthu 8. Anthu ake ati? Mipando yopanda anthu nayo imakweza? A ndi 10 chimodzimodzi, zofiira. Ndiye pamapeto pa sabata imandipatsa malikisi otsika n'kundilangiza kuti ndichepetse makadi osewera, pamene pa tebulo la anayi kuchita zimenezo n'kungopereka ma blind kwa anzako mwaulere. Munthu wongoyamba kumene, amene amakhulupirira zofiirazo kuposa mutu wake, pulogalamuyi ikumuphunzitsa kuluza.

Pali kanjira kozembera. Umatsegula sewero lililonse palokha n'kusintha nambala ya osewera ndi dzanja. Koma ukangotseka foni imabwerera pa 9, ndipo masewero a usiku umodzi amapitirira 100. Ndani ali ndi nthawi imeneyo?

Ndinawalembera akulu ogulitsa aja, ndi zithunzi zomwe. Anayankha mwaulemu, chilungamo chake: "Achimwene, ndawauza eni ake, akonza mwezi wamawa." Mwezi wamawa unafika, anasintha mtundu wa mabatani. Nditakumbutsa, anati kuunika matebulo a anthu atatu, anayi ndi awiri kuli m'gulu lapamwamba, lolipira pafupifupi kawiri. Pogula paja sananene zimenezo. Chithunzi chawo chotsatsa chinkati matebulo amtundu uliwonse, n'kumatchulanso Pluribus, kompyuta yotchuka yosewera poker, ngati kuti ndi m'bale wake wa pulogalamuyi. Apa mpomwe ndinaseka. Libratus, kompyuta ya ku Carnegie Mellon University, inagonjetsa akatswiri mu 2017 pa masewero a anthu awiri okha. Zinatengera mpaka 2019 kuti Pluribus, yomwe anapanga mogwirizana ndi Facebook, ichite zomwezo pa tebulo la anthu 6. Kutanthauza kuti kuchuluka kwa osewera ndiye fupa lenileni la nkhani yonseyi, ndipo iwo akutchula dzina limenelo pogulitsa chinthu chosatha kuwerenga mitu inayi.

Masiku ena mtima ukakhala pansi ndimaona kuti ndikuiweruza mopitirira. Amene amasewera matebulo a mipando 6 masana kapena madzulo, pamene munthu akachoka wina amalowa nthawi yomweyo, vutoli sadzalimva kwenikweni, ndipo mafunso oyeserera adzamuwongola. Masiku ena, makamaka uthenga wokumbutsa kulipira ukalowa, ndimaiona ngati msonkho wachiwiri. Woyamba ndi rake, kagawo kaja eni webusaiti amadula pa ndalama za pakati, nthawi zambiri cha m'ma 5 pa 100. Pa timatebulo tating'ono timene ambirife timasewera, ukachotsa rake, bandulo ndi ndalama ya pulogalamu, mwezi wabwino umangotsala ndi ya ndiwo, ndipo miyezi ina ndimaonjezera za m'thumba. Musaiwalenso kuti mtengo wake ndi wa madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zotere zinakwera, ndipo mkuluyu amawerengera mtengo wa dola wa pamsewu, osati wa kubanki. Chilembetsereni wakweza kale mtengo wa makwacha pamene wa madola sunasinthe.

Ndiye amene mukufuna, lipirani mwezi umodzi wokha, onerani mavidiyo a kuchuluka kwa osewera, koperani matchati mu kope, basi. Ya miyezi 6 yomwe amakakamiza ija musayerekeze, sabweza ndalama.

Ine ndinawauza akulu ogulitsa aja kuti ndikusiya. Anandiimbira foni, koyamba chiyambireni, n'kundipatsa gulu lapamwamba lija pa mtengo wa lapansi kwa mwezi umodzi. Ndavomera, koma ndawauza kuti nditumiza theka, theka linalo ndikaika masewero a tebulo la anayi n'kuona kuti K ndi 9 uja salinso wofiira. Ati akambirana ndi eni ake.