Ka vernier ka digito: miyezi isanu ndili nako ku shedi kuno ku Nchalo

Anzanga owotcherera akhala akundifunsa ngati kachipangizo kaja ndinagula ku Limbe kali ndi phindu, nde ndati ndingolemba pano kamodzi. Ndi vernier caliper ya digito, yoyezera kukhuthala ndi kukula kwa zitsulo, yotalika mamilimita 150, imawerenga mpaka 0.01 mm, kabatire kake ndi kaja kozungulira ka LR44.

Chinandipangitsa kugula ndi sikweya chubu. Ndinaoda yokhuthala 1.6 mm yopangira mafelemu a zitseko za kasitomala wina wa ku Ngabu, kungoyatsa rodi yowotcherera ya 2.5 mm chitsulo chikubooka ngati pepala, ine nkumati mwina ndakweza moto pamakina, ndatsitsa, ayi ndithu chikubookabe. Tsiku lomwe ndinabwera ndi vernier ndinayeza zotsala zija, 1.2 abale. Ndi tepi sungaone zimenezo, ndipo ku hardware ndinagulako (dzina sinditchula) anangoti "bwana ndi momwe zikubwerera masiku ano". Pano ndimapita nako mthumba, ndimayeza ndisanalipire, anyamata a pa kauntala akangondiona amayamba kuseka okha.

Pa zitsulo za Y12 (za mamilimita 12 zoika mu konkire) za ring beam samalani, zili ndi timizere tija nde ukayeza pamwamba pa mzere umapeza nambala ina, pakati ina, ungokangana ndi wogulitsa pachabe. Kumeneko sikelo ndiye imanena zoona, mita imodzi ya Y12 imayenera kulemera pafupifupi magalamu 888. Malata nawonso kamavutika chifukwa cha mafunde aja komanso penti, kamangokuthandiza kusiyanitsa 28 geji ndi 32 geji, paja nambala ikamakwera lata limapyapyala. Amene tinaona mphepo ya Freddy mu 2023 nkhani ya geji sitiitenganso mwachibwana.

Koma kutentha kwa kuno kuchigwa sikagwirizana nako. Okutobala uja dzuwa likafika madigiri 40 ndikakasiya pa benchi panja ka sikirini kamada bii, mpaka ukaike pamthunzi kaye. Ndipo zoyezera zoterezi amazikonza kuti zizinena zenizeni pa madigiri 20, chitsulo chikatentha chimafutukuka, ngakhale pa ntchito yanga ya mageti kusiyana kwake nkochepa zedi sindidandaula nako. Chomwe chimandinyansa ndi thukuta ndi fumbi la grinder, zikangolowa pa kanjanji kaja manambala amayamba kudumphadumpha, upukute ndi kansalu kouma, utseke, udine ziro, ndiye uyambirenso. Batire limathanso ngakhale wazimitsa, ndasintha kawiri kale ndipo kuno kulipeza mpaka ufunse kwa okonza mawotchi, nde ndikaweruka ndimalichotsa.

Kugula gulani, koma musatenge ka pulasitiki kotchipa kaja, tengani kachitsulo kokhala ndi bokosi lake, ndipo musabwereke ma apurentisi. Wanga ndinamupeza akukandira nako mzere pa angle iron ngati choko.