Toyota Aqua yanga yaona dzinja ndi fumbi la kuno: zamagetsi zomwe zikugwira ntchito ndi zomwe zinatsalira ku Japan

Galimotoyi ndi ya hybrid, yoyendera injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi, ya chaka cha 2016. Ndinaigula yoyendapo kale ku Japan, ndipo inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga zimachitira zambiri. Tsopano yayenda m'matope a dzinja, yadutsa m'chisanu cha June ndi July, yapumanso fumbi la October. Za matayala ndi kutsika kwa mimba yake pa mahampu ena anakambapo kale. Ine ndikufuna ndikambe za mabatani, sikirini ndi timagetsi ta pa dashibodi, chifukwa ndi zimene zimasokoneza munthu amene wangoilandira kumene.

Zamagetsi za m'galimotoyi zili pawiri. Zina zinapangidwa kuti zizilankhulana ndi dziko la Japan, ndipo zikafika kuno zilibe wozilankhula. Zina ndi za galimoto yeniyeniyo, zimagwira ntchito paliponse. Chimene chimandidandaulitsa n'choti ambiri timathera ndalama ndi mtima pa zoyambazo, pamene zachiwirizo, zomwe zimasunga galimoto ndi moyo wathu, sitizilabadira.

Ndiyambe ndi zotsalira ku Japan, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Mapu a pa sikirini ndi a misewu ya kumeneko, choncho kuno kamuvi kamangoyandama pamalo opanda kanthu. Wotchi ya pa sikirini yomweyo imatenga nthawi ku GPS ndipo imatsogola ndi maola 7, chifukwa ndiko kusiyana kwa nthawi ya Japan ndi yathu. TV yake siigwira kanema wa kuno, popeza Japan imaulutsa mwa njira ya ISDB-T pamene ife tili pa DVB-T2. Mayi amene amalankhula Chijapani mukangoyatsa galimoto ndi kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ya kumeneko, ndipo amangonena kuti khadi mulibe. Pa geti ya Chingeni kapena ya Kalinyeke kabokosiko kalibe ntchito, mulipira monga aliyense. Ine ndinangokatsitsa mawu n'kukasiya. Sindinalole kuti munthu adule mawaya chifukwa cha mawu a masekondi ochepa.

Wailesi ndiye inandiwawa kwambiri, chifukwa m'mawa ndimakonda kumva nkhani. Mawailesi a FM a ku Japan amayambira pa 76 MHz ndipo akalewo amathera pa 90, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye kuti zambiri simuzipeza. Amagetsi a galimoto amaika kachipangizo kotchedwa band expander pa waya wa eriyo, kamene kamatsitsa manambala kuti alowe m'malire a wailesiyo. Kamathandiza, kungoti nambala imene mukuona pa sikirini si ya siteshoniyo, ndipo kumidzi kumene mawu amafika mofooka phokoso limachuluka. Bluetooth yokha ndi imene inagwira popanda vuto. Kuilumikiza ndi foni ndinachita kuloza kamera ya foni pa sikirini, Google Translate n'kumandiwerengera zilembo za Chijapanizo batani ndi batani. Njira imeneyi ndi imene ndaphunzirira pafupifupi chilichonse cholembedwa m'galimotoyi.

Pali chinthu chimodzi chokhudza sikirini chimene muyenera kufunsa galimoto isanakwere sitima. Masikirini ambiri a mtunduwu amadalira kakhadi ka SD ka mapu kuti adzuke, ndipo ena ali ndi nambala yachinsinsi imene mwini wake woyamba anaika poteteza akuba. Bola batire likhale lolumikizidwa, simudziwa kanthu. Tsiku limene makaniko wina anachotsa waya wa batire pokonza zina, sikirini yanga inadzuka ikufuna nambala, ndipo wailesi, Bluetooth ndi kamera yakumbuyo zonse zinazima pamodzi. Pa galaji imeneyo sanandichenjeze. Ndinalipira munthu wina wodziwa kuitsekula. Ngati mukufuna kuichotseratu n'kuika ya Android, chitani, koma muuzeni woikayo kuti kamera yakumbuyo yoyambirira nthawi zambiri imadya mavoti 6, osati 12, ndiye pamafunika kachipangizo kotsitsa mphamvu, komanso kuti mabatani a pa chiwongolero awalumikize. Anzanga angapo anaika sikirini yokongola n'kutaya zonse ziwiri.

Tsopano za galimoto yeniyeniyo, zomwe ndimafuna munthu aliyense woyendetsa Aqua azidziwe.

Choyamba ndi mawu obiriwira akuti READY. Mukaponda buleki n'kudina batani la POWER, injini siilira nthawi zonse. Galimoto imangokhala chete, READY n'kuyaka, ndipo pamenepo yatha kunyamuka. Mukadina osaponda buleki, wailesi ndi timagetsi zimayaka ndithu, koma galimoto sinadzuke. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Aqua ili ndi mabatire awiri, onse pansi pa mpando wakumbuyo: lalikulu la mavoti 144 loyendetsa mota, ndi laling'ono la mavoti 12 lodzutsa makompyuta. Ilibe olutaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, ngati galimoto zina. Batire laling'onolo limalandira moto kuchokera ku lalikulu pokhapokha READY ikuyaka. Ndiye munthu amene wakhala pa mzere wa mafuta tsiku lonse akumvera wailesi ndi kutchaja foni READY ili yozima, akudya batire laling'ono osalibwezera kanthu. Likatha, galimoto siidzuka ngakhale lalikulu litadzaza. Ine ndikafuna kumvera wailesi nditaima nthawi yaitali, ndimaika pa P n'kusiya READY ikuyaka, pamalo odutsa mphepo, osati m'galaji yotseka. Injini imalira pang'ono ikafuna kubwezera moto, kenako imazima yokha.

Batire laling'ono likakutherani, palibe chifukwa chozulira mpando. Pa yangayi, m'bokosi la mafyuzi kutsogolo, pansi pa boneti, muli kachitsulo kobisika ndi kachivundikiro kofiira kolumikizapo waya wochokera ku galimoto ina. Koma kachitsuloko n'kolandirira thandizo, si koperekera. Mnzanu wa minibasi akakupemphani kuti mumujampe, kanani mwaulemu, chifukwa sitata ya galimoto ina imakoka moto umene zipangizo za Aqua sizinapangidwire. Ndipo mawaya onenepa a mtundu wa lalanje ndi a mphamvu yaikulu. Munthu amene sanaphunzire za hybrid asawakhudze, ngakhale atakhala makaniko wanu wa zaka zambiri.

Chachiwiri ndi chilembo B chimene chili pansi pa D pa giya. Kwa ine chimenechi ndicho chofunika kwambiri pa zonse, chifukwa dziko lathu ndi la mapiri. Mukamatsetsereka, mota imasanduka jenereta, imagwira galimoto kwinaku ikudzaza batire lalikulu. Pa mtsetse waufupi zimenezo n'zokwanira. Koma potsika Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, batire limadzaza musanafike n'pakati pomwe. Likadzaza, mota ilibenso koika moto, ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki a m'matayala, amene amatentha. Mukaika pa B, galimoto imazunguza injini popanda kuthira mafuta kuti iyo igwire liwiro. Injiniyo imalira kwambiri, moti munthu wina amene ndinakwera naye anandigwira phewa n'kundiuza kuti ndiime chifukwa chinachake chasweka. Palibe chinasweka, ndiyo ntchito yake. Mukafika pachidikha bwererani pa D, chifukwa kuyenda pa B pamalo athyathyathya kumangotaya mphamvu imene ikanalowa m'batire. Potsika phiri la Zomba kapena ku Chiweta ndimachita chimodzimodzi.

Chizolowezi chimene ndimachidana nacho kwambiri ndi choika pa N potsetsereka pofuna kusunga mafuta. Pa galimotoyi n'kudzipweteka. Pa N batire lalikulu silitchajidwa n'komwe, injini siikugwirani, ndipo mafuta amene mukuti mukusunga galimotoyo inali itasiya kale kuwathira mutangochotsa phazi. Ngakhale mu mdipiti wa galimoto wa madzulo, pa N si pokhalitsa. Pondani buleki muli pa D, kapena ikani pa P.

Mabatani a ECO MODE ndi EV MODE anthu amawafunsa kwambiri kuposa mmene amathandizira. EV imayendetsa ndi batire lokha kamtunda kakafupi, pang'onopang'ono, ndipo imakana ndi kulira kwa kabelu ngati batire lachepa kapena mwaponda kwambiri. Ndimaigwiritsa ntchito potuluka pakhomo m'bandakucha kuti ndisadzutse ana. ECO imafewetsa kaponderedwe ka mafuta ndi kuchepetsa mphamvu ya choziziritsa mpweya. M'tauni ndimaisiya yoyaka. Ndikafuna kupitirira thiraki pa M1, kapena masana a ku Chikwawa, ndimaizimitsa. Chimene chinasinthadi kayendetsedwe kanga ndi kamzere ka pa dashibodi kosonyeza CHG, ECO ndi PWR. Mukakazolowera, phazi limaphunzira kuyamba kuchepetsa liwiro patali kuti kamzereko kakhale mu CHG, kusonyeza kuti batire likutchajidwa, m'malo mothamanga mpaka pa hampu n'kuponda buleki mwamphamvu. Pa pepala, mwa muyeso wa JC08 wa ku Japan, Aqua ya zaka zimenezi inalembedwa makilomita 37 pa lita. Imeneyo musaiyembekezere pa misewu yathu. Yanga imandipatsa makilomita oposa 20 pa lita ndikamayendetsa modekha, ndipo ndi thanki ya malita 36, nthawi ya kusowa kwa mafuta ndimagona tulo kusiyana ndi kale.

Yanga ili ndi Toyota Safety Sense C, yomwe inayamba kuikidwa mu Aqua kumapeto kwa 2015. Maso ake ndi kamera ndi leza zomwe zili pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kalilole. Imachita zitatu: kuchenjeza ndi kugwira buleki mukamayandikira galimoto yakutsogolo mwangozi, kulira mukamadumpha mzere wa msewu, ndi kusintha yokha nyali zazitali ndi zazifupi. Pa zitatuzi ndimalemekeza yoyamba. Tsiku lina minibasi inaima mwadzidzidzi kuti inyamule munthu, ndipo kabelu kanalira phazi langa lisanafike pa buleki. Koma mudziwe malire ake. Ya m'chaka chimenechi inapangidwa kuti izindikire galimoto, osati munthu woyenda pansi. Wa kabaza, mwana wothamangira mpira, mbuzi ya pa Lizulu, zonsezo ndi za maso anu. Yochenjeza za mzere imafuna mizere yooneka bwino komanso liwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola kupita m'mwamba, ndipo imangolira, siikhotetsa chiwongolero. Kumene penti inafufutika imangokhala chete, ndipo kumene mukuzemba maenje imalira kosalekeza, choncho nthawi zambiri ndimaizimitsa. Ya nyali ndinasiya kuidalira usiku wa kumudzi, chifukwa imayang'ana kuwala kwa nyali za ena, ndipo njinga yopanda getsi kapena ngolo siiziona, imangomuthira munthu kuwala m'maso. Galasi likachita fumbi kapena nthunzi pamalo a kamerayo, chenjezo limayaka mpaka mutapukuta. Likasweka n'kuika lina, kamerayo imafunika kuikonzanso ndi kompyuta kuti iloze bwino.

Kiyi wake sanandivutitse kupatula pamene kabatire ka mkati mwake kanafooka. Zikatero musachite mantha. M'kati mwa kiyi muli kakiyi kachitsulo kotsekulira chitseko cha dalaivala. Mukalowa, pondani buleki, gunditsani kiyiyo pa batani la POWER, mumva kulira, kenako dinani.

Pali kabowo kamodzi kamene wondigulitsa sanandionetse, ndipo ndi kamene ndimakayang'ana kawirikawiri kuposa china chilichonse. Kali m'munsi mwa mpando wakumbuyo, ndipo ndi pamene fani imakokera mpweya woziziritsa batire lalikulu. Mpweyawo ndi wa m'galimoto momwemo. Nditabwera ku ulendo wa kumudzi m'chilimwe, ndinatsekula ndipo ndinapeza fumbi lofiira, ulusi wa zitenje ndi timankhusu ta chimanga zitamatirira ngati nkhoko za nsima pansi pa poto. Fani inali itayamba kulira mokweza kumbuyoko. Batire la mtundu umenewu limakalamba msanga likamatentha, ndipo ndi chinthu chodula kwambiri kuchisintha m'galimoto yonseyi. Tsopano thumba la ufa kapena chikwama sindilola kuti zitseke pamenepo, okuta mipando ndinawauza asiye mpata, ndipo otsuka galimoto ndimawaletsa kuthira madzi pansi pa mpandowo. Pa misewu yafumbi ndimatseka mawindo n'kuyatsa choziziritsa mpweya, osati pofuna ulemerero, koma kuti batire lipume mpweya wozizira ndi woyera.

Choziziritsiracho nachonso chili ndi lamulo lake. Kompresa yake imayenda ndi magetsi a batire lalikulu, n'chifukwa chake imaziziritsabe injini itazima pa maloboti. Imafuna oyilo wapadera wosadutsa magetsi, wotchedwa ND-11. Mukapita kothira gasi, funsani kaye ngati ali ndi oyilo ameneyu komanso ngati mapaipi awo sanadutsemo oyilo wa galimoto wamba. Akayamba kukuuzani kuti oyilo ndi oyilo basi, tsekani boneti mupite kwina.