Ford F-150 Lightning: ndemanga ya msilikali amene wasamuka nayo ikukoka ngolo

Ndinagula pikapu yamagetsi ya Ford F-150 Lightning ya batire lalikulu mu Malichi 2024, ndili pa ntchito ya usilikali ku Fort Carson pafupi ndi mzinda wa Colorado Springs, koma ndadikira dala mpaka nditasamuka nayo kupita ku Fort Riley m'chigawo cha Kansas kuti ndilembe ndemanga imeneyi. Pikapu ikamangonyamula mwini wake kupita ku ntchito ndi kubwerera kunyumba siionetsa khalidwe lake lenileni, ndipo munthu amaidziwa bwino tsiku limene waimangirira ngolo yodzaza katundu n'kulowa nayo mumsewu wautali. Anzanga angapo ochokera kwathu amene ali m'gulu lankhondo la dziko lino la America, pamodzi ndi ena amene anapuma pa ntchito, akhala akundifunsa ngati kuchotsera kumene asilikali amalandira n'kokwanira kuti munthu asankhe galimoto yamagetsi yotereyi, choncho ndiyambira pa nkhani ya mtengoyo.

Kuchotsera kumene ndinalandira ku kampani ya Ford chifukwa chokhala msilikali kunali madola 500. Ndinatsimikizira usilikali wanga pa intaneti kudzera pa tsamba lotsimikizira anthu la ID.me, ntchito imene inatenga mphindi zochepa, ndipo ndalamayo inachotsedwa pa mtengo tsiku limene ndinasaina mapepala. Amene anatuluka kale usilikali amafunika chikalata chawo chotulukira usilikali cha DD-214, ndipo ayenera kuwerenga malamulo a nthawi imene akugulayo, chifukwa kuchuluka kwa ndalama komanso utali wa nthawi imene munthu amaloledwa kupindula atasiya ntchito zimasinthasintha. Ndikuyamikira ulemu umene kampani imasonyeza mwa njira imeneyi, koma pa galimoto ya madola oposa 60,000, ndalama zimenezi zili ngati banyira amene wogulitsa tomato amakuikira pamwamba utagula kale mulu wonse. Chimene chinatsitsa mtengo mooneka chinali chikhululuko cha msonkho cha boma cha madola 7,500, chimene kuyambira mu Januwale 2024 munthu ankatha kuchilandirira pomwepo pogula, koma chikhululukocho chinatha pa 30 Sepitembala 2025, moti amene akugula tsopano asachiwerengere.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha msilikali aliyense kuti asamale nacho. Wogulitsa woyamba amene ndinalankhula naye ataona khadi langa la usilikali, anaika madola 500 aja m'kati mwa ndalama zimene ankati iye mwini wandichotsera, ngati kuti zikuchokera m'thumba mwake, kenako anawonjezera zinthu zina pa pepala zimene sindinapemphe. Ndinachoka osagula. Kwa wogulitsa wachiwiri ndinayamba ndanenerera mtengo mpaka tinagwirizana ndi kuulemba, ndipo nkhani ya usilikali ndinaitchula pambuyo pake, moti ndalama ya kampaniyo inachotsedwa pa mtengo umene tinali titamvana kale. Ngongole ndinali nditaikonzeratu ku Navy Federal Credit Union, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la asilikali ndi mabanja awo, ndisanapite kukaona galimoto, ndipo kusiyana kwa chiwongoladzanja pa zaka zonse zobweza kunandipulumutsira ndalama zambiri kuposa kuchotsera kwa asilikali komweko.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, sindinayendetsepo pikapu yondisangalatsa ngati imeneyi. Inayamba kupangidwa mu 2022 ku Dearborn m'chigawo cha Michigan, ili ndi mamota awiri amene amazunguza matayala onse anayi, ndipo ya batire la 131 kWh ngati yangayi imatulutsa mphamvu ya akavalo 580. Mphamvuyo imabwera yonse nthawi imodzi phazi likangokhudza, popanda kudikira magiya, ndipo m'kati mumakhala chete moti ana anga amagona tisanatuluke n'komwe m'tauni. Pa pepala batire limeneli limayenda mamailosi 320, omwe ndi makilomita pafupifupi 515, ndipo m'chilimwe ndikuyenda m'tauni ndinkayandikira pamenepo. M'nyengo yachisanu ya ku Colorado mtundawo unkatsika, koma ndinaphunzira kutenthetsa m'kati galimoto ikadali yolumikizidwa ku magetsi a panyumba, kuti batire lisawononge mphamvu yake pa ntchito imeneyo. Ndimaitchaja usiku pa soketi ya mavoti 240, ndipo m'mawa imakhala yodzaza.

Pansi pa boneti, pamene pakanakhala injini, pali bokosi lokiyika la malita 400, ndipo m'menemo ndimasungamo chikwama cha ku ntchito, nsapato zamatope ndi zogula za kumsika, osaopa mvula kapena akuba. Galimotoyi ilinso ndi masoketi amene amatulutsa magetsi okwana 9.6 kW. Usiku wina mphepo yamkuntho itagwetsa mawaya m'dera lathu, ndinakoka chingwe kuchokera kumbuyo kwa pikapu kulowa nacho kukhitchini, ndipo firiji, nyale ndi chitofu chaching'ono zinagwira ntchito mpaka kunja kutacha, batire litangotsika pang'ono. Munthu amene anakulira kumudzi akuwerenga ndi koloboyi magetsi akazima amadziwa kufunika kwa chinthu chimenechi popanda womufotokozera.

Tsopano ndifike pa kukoka, pamene pagona nkhani yonse. Chiwerengero chimene amalengeza kwambiri n'chakuti Lightning ya batire lalikulu, ikakhala ndi zipangizo zapadera zokokera, imakoka mapaundi 10,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,500. Chiwerengerochi n'choona, koma chimene chimayamba kukutsekereza ndi china, cholembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala, chosonyeza kulemera konse kumene galimotoyo ingasenze pamsana pake. Pa yangayi ndi makilogalamu pafupifupi 800, ndipo m'menemo mumalowa anthu onse okwera, katundu wa kumbuyo, komanso kulemera kumene mphuno ya ngolo imatsamira pa chitsulo chokokera. Lamulo lodziwika n'lakuti mphunoyo izisenzetsa galimoto pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwa ngolo yonse. Ngolo yanga yotseka inalemera makilogalamu 2,700 itadzaza, choncho makilogalamu oposa 300 anali atapita kale, ndipo nditawonjezera ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri, malo otsala a katundu wa pa pikapu anali ochepa kwambiri kuposa mmene maso ankaonera.

Aliyense amene anapakirapo chimanga m'ngolo ya ng'ombe amadziwa kale mfundo imeneyi. Matumba akachuluka kumbuyo kwa mawilo, goli limanyamuka m'makosi mwa ng'ombe ndipo ngolo imayamba kudzilamulira yokha, koma akachuluka kutsogolo ng'ombe zimalemedwa n'kulephera kuyenda bwino. Pa liwiro la mumsewu waukulu, ngolo yopepuka mphuno imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, ndipo kugwedezekako kukakula kumatha kugubuduza galimoto. N'chifukwa chake katundu wolemera, monga firiji ndi mabokosi a mabuku, ndinamuika kutsogolo kwa ekiselo n'kumumanga zolimba, ndipo kumbuyo ndinaikako matiresi ndi zovala. Popeza asilikali amene akudzisamutsa okha amafunika kupereka ziphaso za sikelo, ya galimoto yopanda katundu ndi yodzaza, kuti boma liwabwezere ndalama, ndinakwera pa sikelo ya malole kawiri, ndipo ndikulangiza ngakhale amene sakukakamizidwa kuti azitero. Sikelo ya m'galimoto momwemo, imene imaonetsa pa sikirini kulemera kumene yasenza, inandithandiza popakira, ndipo zimene inanena sizinatalikirane ndi za sikelo yaikuluyo.

Zina zofunika n'zachidule koma sizidumphidwa. Mpira wachitsulo wokokera ukhale wofanana ndi kamwa la ngolo, kaya ndi wa mainchesi 2 kapena 2 ndi 5/16. Maunyolo awiri achitetezo apingasane pansi pa mphuno kuti aiwakhe ikamasuka. Nyale zonse ziyesedwe musananyamuke, mpweya wa m'matayala a ngolo upimidwe akadali ozizira, ndipo pa ngolo yolemera ngati yangayi pamafunika chitsulo chokokera chogawa kulemera, chimene chimabwezera mbali ina ya katundu ku matayala a kutsogolo. Mabuleki a ngolo ndinawayesa pa bwalo lopanda anthu, ndikuwonjezera mphamvu yake pang'onopang'ono mpaka ngolo inasiya kukankha galimoto poima.

Pa kakokedwe penipeni, galimotoyi ndi yodalirika kwambiri. Batire lake lili pansi ndipo ndi lolemera, moti pikapu yonse imakwana pafupifupi matani atatu ndipo ngolo siikankha mwachisawawa. Ndisanasamuke ndinaiyesa pa msewu wa US-24 wokwera Ute Pass kupita ku Woodland Park, ndipo inakwera chitunda chonsecho osabuula, pamene galimoto ya petulo imataya mphamvu m'mapiri otere chifukwa mpweya ndi wochepa. Potsika, mamota ankagwira liwiro okha akubwezera magetsi m'batire, ndipo mabuleki ndinangowakhudza mwa apo ndi apo. Pobwerera chambuyo pali kachitsulo kozungulira pa dashibodi kamene umapotoza kuloza kumene ukufuna kuti ngolo ipite, ndipo chiwongolero chimadzitembenuza chokha. Mayi a kunyumba, amene anali asanakokepo ngolo, anailowetsa pakhomo ulendo wachiwiri wokha.

Ulendo wa ku Kansas ndi umene unandionetsa malire ake. Kuchokera ku Colorado Springs kudzera ku Limon, n'kutsata msewu wa I-70 mpaka ku Junction City, tauni yoyandikana ndi Fort Riley, ndi mtunda wa mamailosi oposa 450, ndipo ndi dziko lathyathyathya limene mphepo imawomba popanda chotchinga. Nditalemba kukula ndi kulemera kwa ngolo pa sikirini, galimoto inatsitsa yokha mtunda umene inkayembekezera kuyenda kufika pa theka, ndipo inanena zoona. Chimene chimadya batire kwambiri ndi mphepo imene imamenya khoma la kutsogolo kwa ngolo yaitali, kuposa kulemera kwa katundu, ndipo liwiro likakwera pang'ono chabe mphamvu yofunika imakwera kwambiri. Ndinachoka ku Limon batire lili pa 90 peresenti, mphepo inatembenuka n'kuyamba kutiwomba kumaso, ndipo tikuyandikira malire a Colorado ndi Kansas ndinaona chiwerengero chikutsika mofulumira kuposa zikwangwani za mamailosi. Ndinatsitsa liwiro kufika pa mamailosi 55 pa ola, malole akutidutsa motsatizana, ndipo tinafika potchajira batire litatsala ndi 7 peresenti. M'galimoto munali zii kwa theka la ola, ngakhale ana anazindikira kuti si nthawi yofunsa mafunso.

Tinaima kasanu pa ulendo wonsewo, nthawi iliyonse mphindi 40 kapena kuposerapo, ndipo chimene chinanditopetsa kwambiri chinali kamangidwe ka malo otchajira. Ambiri anamangidwa ngati malo oimikapo galimoto zing'onozing'ono, pamene polowetsera magetsi pa Lightning pali kutsogolo, mbali ya dalaivala, choncho katatu ndinachita kumasula ngolo, kuiimika pambali, kutchaja, n'kuimangiriranso, ndikubwereza maunyolo, nyale ndi zitsulo zogawa kulemera dzuwa la Julayi lili pamutu. Chilolezo chotchajira pa malo a kampani ina ya galimoto zamagetsi ya Tesla, chimene eni galimoto za Ford anapatsidwa kuyambira mu Febuluwale 2024, chinachulukitsa malo amene ndikanaima, ndipo ndikanavutika kwambiri popanda icho. Ulendo umene pikapu ya petulo ikanaumaliza tsiku limodzi tinaugawa pawiri, n'kugona ku Hays.

Chigamulo changa ndi nyenyezi zinayi pa zisanu, ndipo imodzi yatsalayo ndi ya maulendo ataliatali okoka ngolo. Msilikali amasamuka kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo masiku ena onsewo amangopita ku ntchito, kumsika ndi kutchalitchi, kapena kukoka bwato ndi kalavani kupita kunyanja yapafupi. Kwa munthu wotere, amene alinso ndi potchajira panyumba, masiku awiri otopetsa pa I-70 sangafafanize miyezi yambiri yosapita pothira mafuta ndi yosasintha oilo, ndipo ine ndingaigulenso. Koma amene amakoka ngolo yaitali mamailosi mazana angapo mwezi uliwonse, kapena amene amakhala m'nyumba za asilikali osakwatira kumene kulibe soketi yakeyake, asakopeke ndi madola 500 aja. Ayambe wabwereka kapena kupempha kuyesa galimotoyi atamangirira ngolo yake yomwe, ayende nayo ola limodzi mumsewu waukulu tsiku la mphepo, aone chiwerengero cha batire ndi maso ake asanasaine pepala lililonse.