Kampani yomwe inatigulitsa mawaya okoka konkire kwa Ngabu: mapepala ali bwino, kasungidwe ndiye ayi

Anzanga a zomangamanga mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti mawaya a post-tension aja, okungira konkire, tinawatenga kuti ndipo anthu ake ndi odalirika bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kampaniyo sinditchula poti pali zina zomwe ndidandaule mmusimu, koma ndi ma ajenti a ku Blantyre omwe amaitanitsa katundu ku Joni. Ife anatigulitsa waya wopota, ma anchor, maweji ndi mapaipi olowetsamo waya, komanso anatibwereka jeke pamodzi ndi mnyamata wawo womuyendetsa. Ntchito yake ndi thanki yozungulira ya konkire, yosungira madzi a mthirira chakuno kwa Ngabu. Ndikawapatsa malikisi ndi 3 pa 5, ndipo awiri osowawo ndifotokoza komwe apita.

Kwa omwe simunaionepo ntchito imeneyi. Konkire ukaipanikiza imapirira kwambiri koma ukaikoka imang'ambika msanga, ndiye thanki ikadzaza madzi amakankha khoma kuti lifutukuke ndipo ming'alu imayambira pomwepo. Chomwe timachita, tisanathire konkire timaika mapaipi mozungulira khoma, konkire ikauma n'kufika mphamvu yomwe injiniya walamula timalowetsa mawaya mmapaipimo n'kuwakoka ndi jeke, kenako maweji amaluma wayayo pa anchor kuti asabwerere. Khoma limakhala lofinyika moyo wake wonse, ngati mtolo wa nkhuni womwe wa kabaza waukunga ndi mphira pa keliyala. Waya wathu ndi wa 15.2 mm, timawaya 7 topotana, mphamvu yake 1860 MPa, kutanthauza kuti mmodzi amaduka pa matani pafupifupi 26, ndipo ife timamukoka mpaka cha mma matani 20. Matani 20 onsewo agwiridwa ndi kaweji kokwana mdzanja. Kakakhala kachitsulo kabodza simudziwa tsiku lomwelo, mudzadziwa thanki itayamba kale kudontha kapena waya atathawa n'kuvulaza munthu.

Kayezedwe kanga ka ma sapulaya ndinakaphunzira ndili ku South Africa, pansi pa injiniya wina wachikulire yemwe anagwirapo zoyendera makampani ogulitsa zipangizo ku malo opangira magetsi a nyukiliya. Mwina wina afunsa kuti nyukiliya ikukhudzana bwanji ndi thanki ya kwa Ngabu, koma abale kamangidwe kake nkofanana. Chinyumba chomwe chimavindikira reactor, chimakina chotulutsa mphamvu ya nyukiliya, mmalo ambiri ndi chithanki chachikulu cha konkire, khoma lake lokhuthala cha mma mita imodzi, lokungidwa ndi mawaya mazanamazana, kuti ngozi itachitika mkati mpweya woipa usatuluke. Koeberg ya Eskom pafupi ndi Cape Town, yomwe inayamba kupereka magetsi mu 1984, ndi yomangidwa choncho. Kumeneko sugula weji chifukwa wogulitsa walumbira. Ku America kuli lamulo lotchedwa 10 CFR 50 Appendix B, la mu 1970, lili ndi mfundo 18, ndipo zina mwa izo zimanena kuti ogula ayenera kupita yekha kukaona mmene sapulaya amagwirira ntchito, kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi nambala yolondoleka kubwerera ku fakitale, kuti zoyezera zonse zikhale zoyezedwa nazonso, komanso kuti katundu wopezeka ndi vuto aikidwe payekha ndi chizindikiro. Ma sapulaya amawayendera pafupifupi zaka zitatu zilizonse, eni malowo anapanga bungwe la NUPIC kuti azigawana ntchito yoyenderayi, ndipo a NRC, omwe ndi a boma, nawonso amalowa mmafakitale mwa ma sapulaya paokha. Kulinso lamulo lina, Part 21, lomwe limakakamiza sapulaya kuulula akapeza kuti katundu yemwe anagulitsa kale ali ndi chilema choopsa, ngakhale ogulayo sanadandaule.

Sindikunena kuti ajenti wa ku Blantyre achite zonsezo, ndalama zake palibe angakwanitse. Koma mafunso ake ndi aulere ndipo ndinawafunsa.

Poyamba ndiwayamikire pa mapepala, chifukwa apa anandidabwitsa ndithu. Mpukutu uliwonse wa waya unabwera ndi kachitsulo kolendewera kolembedwa nambala ya mpukutu ndi heat number, ija imasonyeza kuti chitsulocho chinasungunulidwa ulendo uti ku fakitale. Nditatenga satifiketi ya ku fakitale n'kuyerekeza, manambala anagwirizana onse, ndipo pa satifiketipo panali mphamvu yodukira, katalikidwe ka waya asanaduke, ndi modulus yomwe injiniya amafuna powerengera kuti waya atalika bwanji tikamakoka. Enanu mukudziwa zomwe timakumana nazo mmahadiweya tikamagula zitsulo za mkonkire za Y12, umapempha satifiketi amakupatsa fotokope yofufutika yomwe yakhala mu dirowa kuyambira kalekale, yomweyo ya Y10 yomweyo ya Y16. Awa ayi, mayi wa mu ofesi yawo anatumiza zonse pa WhatsApp lole isananyamuke ndipo zenizeni zinabwera mu envulopu ndi dalaivala. Mabokosi a maweji analinso ndi nambala ya batch, gulu lomwe anapangidwa limodzi.

Jeke naye anabwera ndi pepala lake la calibration losapitirira miyezi 6, ndipo chomwe ndinakonda nchoti nambala ya jeke ndi nambala ya geji yoonetsa mphamvu yake zonse zinali pa pepala limodzi, chifukwa ziwirizi zimayezedwa pamodzi, ukasintha geji basi pepalalo latha ntchito. Mnyamata wawo uja ndi waulemu komanso ntchito amaidziwa. Waya wina atatalika mopitirira zomwe injiniya anawerengera, iye sanabise kapena kulemba nambala yokongola mu fomu, anaimitsa pampu n'kundiitana, "Bambo folomani, tabwerani muone, apa sindipitiriza mpaka a injiniya anene." Malamulo ambiri amalola kusiyana kwa 5 mpaka 7 peresenti pakati pa zowerengera ndi zoyeza, kupitirira apo umaima n'kufufuza. Zinapezeka kuti weji ya mbali inayo sinakhale bwino ndipo waya amaterereka pang'ono. Anasintha, tinakokanso, zinalowa mmalire. Munthu ngati ameneyu kampani imusunge bwino, ndipo ndinawauza mabwana ake zomwezi.

Tsopano komwe kwapita malikisi awiri.

Lole inatsika Thabwa katundu ali pamtunda opanda lenti, ndipo mipukutu ina pepala lokutira linali long'ambika. Nditafunsa dalaivala anati ku yadi kwawonso imakhala panja. Mpukutu umodzi unali ndi dzimbiri, osati lija lopepuka loti ukapukuta ndi chiguduli limachoka, koma loti ukapala ndi chikhadabo umamva timaenje. Waya wa post-tension si Y12 abale. Chitsulo chake ncholimba kwambiri ndipo chimakhala chokokedwa nthawi zonse, nde kadzenje kakang'ono ka dzimbiri ndi pomwe mng'alu umayambira. Ndinaukana mpukutuwo, ndinaupaka penti yofiira n'kuuika patali pa matabwa kuti anyamata asaudule mosadziwa. Apa mpomwe tinakangana ndi bwana wawo pa foni, iye akuti achimwene satifiketi muli nayo mmanja chavuta nchiyani, ine ndikuti satifiketi ikunena za waya tsiku lomwe anatuluka mu fakitale, sikunena za miyezi yomwe wagona pa mvula ku yadi kwanu. Anasintha ndithu, sanandilipitse china, koma zinatenga nthawi ndipo anyamata aganyu anakhala osagwira ntchito, ndalama yolowa mthumba mwa kontilakita palibe anabweza.

Nkhani ya chinyezi ndimaitenga mwamphamvu chifukwa inachitikapo ngakhale komwe kuli malamulo onse aja. Mu January 1985 pa Farley, malo a nyukiliya a ku Alabama, anapeza mitu ya ma anchor ingapo itasweka yokha pa chinyumba cha reactor yachiwiri, patapita zaka mawaya atakokedwa. Atafufuza anapeza kuti madzi analowa mmakapu a girisi ovindikira ma anchor, ndipo hydrogen analowerera mchitsulo cholimbacho n'kuchiphwanya. A NRC anatumiza chenjezo ku malo ena onse chaka chomwecho. Ndi chifukwa chake ku America, komwe mawaya ambiri otere amawasiya mu girisi osathira simenti, amabwerera kukawayeza pakatha chaka chimodzi, zitatu, zisanu, kenako zaka zisanu zilizonse, kuona ngati akadali okokeka, kusolola waya wina kukamuyesa, ngakhale girisi yemweyo kumuyeza ngati muli madzi. Ife thanki yathu tikathira grout, simenti yamadzimadzi ija, mmapaipi ndiye kwatha, palibe adzaonenso mkatimo, choncho mwayi wokana katundu woipa ndi tsiku lomwe lole yafika basi.

Chachiwiri, ndipo ichi chinandipweteka kwambiri, nchoti sanafunse kalikonse za kuno kuchigwa. Malangizo awo a grout anangokopera a ku Joni, osaganiza kuti kuno October dzuwa limapyola madigiri 40 ndipo grout amayamba kulimba ali mu pampu. Sanafunsenso kuti madzi osakanizira titunga kuti. Aliyense wa ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa kuti mijigo yambiri kuno madzi ake ndi amchere, ena mpaka sopo sachita thovu, ndipo mchere ndi mdani wamkulu wa waya wokokedwa. Ku Koeberg komwe, mphepo yamchere ya kunyanja yakhala ikudya zitsulo za mkonkire ya zinyumba zija mpaka a Eskom akhala akukonza. Ife tikanangotunga pa mjigo wapafupi bwenzi titatsekera mchere mpaipi momwemo pamodzi ndi waya. Injiniya wathu ndi yemwe analamula kuti madzi ayezedwe kaye, tinabweretsa ena pa bauza, ndipo grout timathira mmamawa kwambiri kusanatenthe, matumba a simenti ali pamthunzi. Kampani yomwe imagulitsa zinthu zimenezi imayenera kukhala yoyamba kuchenjeza, poti si makasitomala onse ali ndi injiniya wotere.

Palinso kena kakang'ono, bokosi limodzi la maweji linali losakaniza ma batch awiri. Onse anali abwino pomaliza, koma tangoganizani fakitale itaimba foni mawa kuti batch yakuti ili ndi vuto, mukadziwa bwanji kuti inalowa pa waya uti. Tinawasankhula tokha n'kulemba mu buku la pa saiti kuti anchor iliyonse yalandira batch iti.

Ndibwerere pa mapepala aja ndawayamikira, chifukwa sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti satifiketi ikagwirizana ndiye zatheka. Ku South Korea mu November 2012 anazimitsa ma reactor awiri pa Yeonggwang atapeza kuti zipangizo masauzande zinalowa ndi masatifiketi achinyengo, mu 2013 zinatulukanso za makebulo omwe zotsatira za mayeso ake zinali zopeka, ndipo anthu pafupifupi 100 anazengedwa milandu. Mu 2017 Kobe Steel ya ku Japan inavomera kuti inkasintha manambala a mayeso a katundu wake. Awa ndi maiko a mafakitale akuluakulu, oyendera ali mbwee, koma pepala linanama. Ndiye nditawafunsa a ku Blantyre aja kuti kodi inu munapitako ku fakitale komwe mumagulako, kapena munadulapo chidutswa cha waya n'kukachikoketsa ku labu panokha, yankho linali loti ayi, timadalira zomwe atitumizira. Sindikuwanena kuti ndi achinyengo, zomwe anatipatsa zagwira ntchito ndipo thanki tinaidzaza madzi khoma lili gwa osadontha. Koma pakati pa fakitale ndi ine palibe munthu yemwe anaona ndi maso ake, aliyense akungopatsira mnzake envulopu.

Kuno kwathu tili ndi a Malawi Bureau of Standards, tili ndi bungwe lomwe limalembetsa makontilakita, ndipo ma cube a konkire timatumiza ku labu nthawi zonse popanda wodandaula, nde sindikuona chifukwa chomwe waya wonyamula matani 20 angalowere mkhoma osayesedwa. Chigwa chino ntchito za konkire zikuchuluka, ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikubweretsa milatho ndi mathanki, ndipo tonse tinaona zomwe namondwe Ana anachita mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023. Zomanga za kuno zimakumana ndi madzi osefukira, dothi la makande lomwe limatupa n'kuphwa, kutentha ndi mchere, zonse pamodzi.

Mtengo wawo siwotsika, ndipo amafuna ndalama yambiri patsogolo poti amagula ndi forex, komabe poyerekeza ndi kuitanitsa wekha ku Joni n'kulimbana ndi za pa boda ku Mwanza, ine ndinaona kuti ndi bwino kudzera mwa iwo. Foni amayankha, ngakhale Loweruka.

Ngati mukufuna kuwagula, lembani mu oda momwemo kuti katundu abwere wofunditsidwa lenti, kuti mukaona mipukutu ku yadi kwawo isanakwezedwe, ndiponso kuti mpukutu wokanidwa abweza ndi transipoti yawo. Ife tili ndi thanki yachiwiri yomwe tikufuna ithe mvula isanayambe, ndipo ndawauza kale kuti ulendo uno ndikwera ndekha ku Blantyre kukasankha mipukutu, tidula chidutswa pa uliwonse kupita nacho ku labu, ndipo lole sinyamuka zotsatira zisanatuluke. Bwana uja poyamba anati zichedwetsa ntchito, kenako anavomera, ndipo wati amanga kashedi ku yadi. Ndikapita ndikaona ngati kamangidwadi.