Casio fx-82MS ndi nkhani ya chizindikiro cha madigiri

Mwa makalikyuleta a sayansi amene amapezeka m'mashopu a zolembera pa Boma la Mangochi, Casio fx-82MS ndiyo tingalimbikitse wophunzira wa Fomu 3 kapena 4. Ndi yolimba, mabatani ake sachulukitsa, ndipo batire lake limakhalitsa. Koma pali malo amodzi pamene imasocheretsa ana ambiri, ndipo ndi pa madigiri.

Ili ndi batani lolembedwa °’” ndipo ophunzira amaganiza kuti akalidina ndiye kuti auza makinawo kuti awerenge ngodya m'madigiri. Ayi ndithu. Batanili ntchito yake ndi kulowetsa madigiri, maminiti ndi masekondi. Chimene chimalamula mayankho a sin, cos ndi tan ndi kachilembo kakang'ono pamwamba pa sikirini: D (madigiri), R (ma radian) kapena G (ma gradian), yomwe ndi miyeso itatu yosiyana ya ngodya. Pakakhala D, sin 30 imapereka 0.5. Pakakhala R, mupeza -0.988, ndipo pa G mupeza 0.454. Mwana akhoza kulemba njira yonse bwinobwino koma yankho n'kulakwa chifukwa cha kachilembo kameneka, kamenenso n'kovuta kukaona m'kalasi mopanda kuwala kokwanira. Apa Casio akanakulitsako. Pobwezera pa D dinani MODE kawiri kenako 1. Ngati mnzanu anaibwereka n'kusokoneza zambiri, SHIFT, MODE, 2 ndi = zimabwezeretsa zonse mmene zinalili.

Batani la °’” lenilenilo limagwira ntchito bwino kwambiri, makamaka pa Geography ndi pa samu za latitude ndi longitude. Tauni ya Mangochi ili pafupifupi pa 14°28′ kumwera kwa Equator. Lembani 14, dinani °’”, lembani 28, dinaninso °’”, kenako =. Mukadinanso batani lomwelo mupeza 14.46666667. Wophunzira wothamanga amangolemba 14.28, kuiwala kuti digiri imodzi ili ndi maminiti 60 osati 100. Popeza digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, kulakwitsa kumeneku kumasuntha malo ndi makilomita oposa 20. Ngodya yosafika digiri imodzi, monga maminiti 39, imafuna kuti muyambe ndi 0 ndi °’” musanalembe 39.

Chotidandaulitsa n'chakuti sikirini yake imaonetsa 14°28°0, kaziro komweko pa maminiti ndi pa madigiri, ndipo ana amakopera zomwezo papepala. Mtundu wa fx-991ES PLUS umaonetsa zizindikiro zonse zitatu molondola, komanso uli ndi sola pamodzi ndi batire la LR44, koma ndi wokwererapo mtengo. Pa mtundu umenewo D amapezeka podina SHIFT, MODE, kenako 3.

Zonamizira ziliponso pamsika. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti muyese sin 30, kenako lembani 0.5, =, SHIFT ndi °’”; ikuyenera kuonetsa 0°30°0. Onaninso ngati batani lililonse likubwerera msanga. Casio amati makinawa azigwira ntchito pakati pa 0°C ndi 40°C, choncho ndi dzuwa la kuno la mu Okotobala ndi Novembala musamaisiye pawindo kapena padashibodi ya galimoto, sikirini imada.

Aphunzitsi ndi otayipa mapepala a mayeso, vuto lanu lili pa kompyuta, chifukwa kiyibodi ilibe batani la °. Ambiri amalemba ziro kapena chilembo o n'kuchikweza m'mwamba mu Word. Papepala zimaoneka bwino, koma mukakopera mawuwo kupita pa WhatsApp kapena pa imelo, kukwezako kumachoka: 35°C imasanduka 350C, ngodya ya 60° imasanduka 600. Funso lonse lafa pamenepo. Njira yoyenera pa Windows ndi kuyatsa Num Lock, kugwira Alt, n'kulemba 0176 pa manambala a kudzanja lamanja, osati a pamwamba pa zilembo. Samalani, 0186 imatulutsa º, kamene kamafanana nako koma si chizindikiro cha madigiri, ndipo m'mafonti ena kamakhala ndi kamzere pansi. Malaputopu ambiri alibe manambala a kumanjawo. Pamenepo mu Word lembani 00B0 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Siyani kampata pakati pa nambala yanu ndi 00B0, chifukwa Word imawerenga zonse zogundana ngati kodi imodzi. Kampatako mukachotse pambuyo. Pa Mac ndi Option, Shift ndi 8. Pa iPhone gwirani 0 kwa kanthawi, pa Gboard (kiyibodi ya Google ya pa foni) pitani ku ?123 kenako =\<.

Mu Excel musalembe 35° m'bokosi lowerengera, chifukwa imatengedwa ngati mawu ndipo SUM imaidumpha osakuchenjezani. Lembani 35 yekha, kenako mu Format Cells sankhani Custom n'kuika 0"°C". Ndipo Excel imawerenga SIN m'ma radian nthawi zonse, ndiye kuti yankho ligwirizane ndi la fx-82MS ili pa D, lembani =SIN(RADIANS(30)).